Dzenje la mumsewu likavulaza munthu ku Milange, alipire ndani?

Nyengo ya mvula ikafika ku Milange, madzi otsika m'phiri la Tumbine sasankha msewu. Amakokolola wa dothi wa m'bairro, amafukula kalavati ya msewu wopita kumidzi, ndipo nthawi zina amadya m'mphepete mwa phula lenilenilo. Mvula ikakata, zotsala ndi maenje, ngalande zosavundikira ndi timilatho todyeka mbali imodzi. Wa kabaza akagwera pamalo otere usiku, iye ndi kasitomala wake n'kuthyoka miyendo, anthu amangoti ndi ngozi, ena amati linali tsoka lake. Achibale amasonkherana ndalama ya kuchipatala, njinga yophwanyika imagona kuseri kwa nyumba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Malamulo a dziko la Mozambique saitenga nkhaniyi ngati tsoka chabe. Msewu uliwonse uli ndi bungwe limene linapatsidwa udindo wouyang'anira, ndipo bungwelo likalekerera malo oopsa osakonza komanso osachenjeza anthu, wovulala ali ndi ufulu wopempha chipukuta misozi. Kwa Conselho Municipal ndi boma la distrito, dzenje lililonse losiyidwa popanda chikwangwani ndi ngongole imene ikhoza kudzagwera thumba lomwe ndi lochepa kale.

Msewu umodzi, eni ake angapo

Chovuta choyamba n'chakuti misewu ya ku Milange ili m'manja mwa mabungwe osiyana, ndipo woyenda pamsewu saona pamene gawo la wina lathera.

Msewu waukulu wochokera ku Mocuba, wa makilomita pafupifupi 200, umene unathiridwa phula ndi thandizo la ndalama za União Europeia ndipo umakathera pa chipata cha malire choyang'anizana ndi Muloza ku Malawi, ndi wa boma lalikulu. Amauyang'anira ndi a Administração Nacional de Estradas, amene anthu amangoti ANE. Misewu ina yolumikiza maboma ili m'kaundula wa misewu ya dziko, ndipo pa imeneyo a ANE amagwira ntchito limodzi ndi akuluakulu a chigawo ku Quelimane.

Misewu ya m'tauni ndi ya município. Milange inali m'gulu la ma município 33 oyamba amene anasankha atsogoleri awo mu 1998, ndipo lamulo la chuma cha ma município, Lei 1/2008, limaika m'manja mwawo misewu ya m'tauni, njira za oyenda pansi, magetsi a mumsewu, misika ndi malo ochitira feira. Município ndi bungwe loima palokha pamaso pa lamulo. Lili ndi bajeti yake, limatolera misonkho yake, ndipo likhoza kusumiridwa m'dzina lake.

Kunja kwa malire a tauni, misewu ing'onoing'ono yosalembedwa m'kaundula, monga ya m'midzi ya ku Majaua ndi ku Mongue, imayang'aniridwa ndi boma la distrito kudzera mu ofesi ya mapulani ndi zomangamanga, SDPI. Apa pali kusiyana kofunika: boma la distrito si bungwe loima palokha ngati município. Ndi dzanja la boma lalikulu, choncho mlandu wa msewu wotere umapita kwa Estado.

Ndalama zokonzera misewu yonseyi zambiri zimadutsa ku Fundo de Estradas, thumba limene mbali ina ya ndalama zake imachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Thumbali limatumizanso ndalama ku ma município ndi kumaboma a distrito. Kuti ndalamazo ndi zochepa poyerekeza ndi ntchito, palibe angatsutse.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pamene msewu wa ANE ukudutsa m'kati mwa tauni. Phula ndi la ANE, koma malo oimikapo ma chapa, mabenchi a ogulitsa m'mphepete mwa msewu, magetsi ndi siteji ya njinga zamoto ndi nkhani za município. Mwana akagundidwa chifukwa njira ya oyenda pansi yadzaza matumba a chimanga ndi nandolo, n'kumayenda pakati pa msewu, aliyense akhoza kuloza mnzake chala. Banja la mwanayo likhoza kutha miyezi likuzungulira maofesi.

Zimene lamulo limanena

Maziko ake ali m'malamulo aakulu a dziko a 2004. Ndime 58 imapatsa munthu aliyense ufulu wopempha chipukuta misozi ufulu wake ukaphwanyidwa, ndipo imanena kuti boma limayankha pa zowonongeka zimene antchito ake achita mophwanya lamulo ali pa ntchito. Boma likalipira, likhoza kukalonjerera ndalamazo kwa wantchito wolakwayo.

Tsatanetsatane wake ali mu Código Civil, buku la malamulo la 1966 limene dziko lino linapitiriza kugwiritsa ntchito litalandira ufulu mu 1975. Ndime 483 imati wowonongera mnzake mwadala kapena mosasamala ayenera kulipira. Ndime 486 imawonjezera mfundo imene ikukhudza misewu mwachindunji: kusachita kanthu nakonso ndi mlandu, ngati lamulo linakupatsa udindo wochita chinthucho. Khonsolo siyenera kukumba dzenje yokha kuti ipezeke yolakwa. Kulidziwa n'kulisiya n'kokwanira.

Palinso ndime 493. Imeneyi imati amene ali ndi chinthu m'manja mwake, ndi udindo wochiyang'anira, ndiye ayankhe chikawononga za ena, pokhapokha ataonetsa kuti iye sanalakwe kapena kuti ngoziyo ikanachitikabe ngakhale akanasamala. Apa mtolo wa umboni umatembenuka: mwini chinthu ndi amene ayenera kudziyeretsa. Ku Portugal, kumene ndime yomweyi ikugwirabe ntchito, makhoti akhala akuigwiritsa ntchito pa makhonsolo pa milandu ya maenje ndi ngalande zosavundikira m'misewu. Zigamulo za kumeneko sizilamulira makhoti a ku Mozambique, koma mawu a lamulolo ndi amodzimodzi, ndipo loya aliyense wophunzira kuno amaidziwa ndimeyi.

Lamulo la pamsewu, Código da Estrada la 2011, nalo limafuna kuti malo amene angabweretse ngozi aikidwe zizindikiro, komanso kuti amene waika chotchinga mumsewu, kaya ndi mulu wa mchenga, miyala kapena ngalande yokumba, achenjeze oyenda.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense wogwa pa njinga alandira ndalama. Wosuma ayenera kuonetsa kuti anavulaladi kapena katundu wake anawonongeka, ndiponso kuti chimene chinachititsa ndi vuto la msewulo. Ndime 570 imalola khoti kuchepetsa chipukuta misozi, ngakhale kuchikaniza kumene, ngati wovulalayo anathandizira ngoziyo. Wa njinga yamoto amene amathamanga usiku wopanda nyali, wopanda chipewa chodzitetezera kumutu, atanyamula anthu atatu, asayembekezere kuti woweruza atseka maso pa zimenezo. Koma kasitomala wake, amene sanali pa chiwongolero, nkhani yake imaonedwa payokha.

Mvula si mlandu, kulekerera ndiye mlandu

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa ku Zambézia ndi kumwera kwa Malawi, n'kuwononga misewu ndi milatho mbali zonse ziwiri za malire. Chaka cha 2022 kunali Ana ndi Gombe. Akuluakulu a ku Milange amakumbukanso kugumuka kwa phiri la Tumbine mu 1998. Palibe khoti lingaimbe mlandu município kapena ANE chifukwa choti kalavati yakokoloka usiku wa namondwe. Imeneyo ndi mphamvu yoposa munthu, ndipo lamulo limaizindikira.

Funso limene woweruza amafunsa ndi lina: bungwelo linadziwa liti, ndipo litadziwa linachitapo chiyani? Kalavati yokokoloka dzulo ndi nkhani ya mvula. Kalavati yomweyo patapita miyezi iwiri, popanda chikwangwani, popanda mgolo wopaka utoto, popanda ngakhale chingwe chotchinga, yasanduka nkhani ya ofesi. Nthawi zambiri chenjezo lokhalo limene limapezeka pamalo otere ndi nthambi za mitengo zimene anthu okhala pafupi amaika. Nthambizo zimapulumutsa miyoyo masana, koma zikauma kapena mbuzi zikazikoka, usiku palibe aziona. Komanso m'khoti zikhoza kukhala umboni woti dera lonse limadziwa za ngoziyo, ndiye n'kovuta kuti mwini msewu anene kuti iye yekha sanamve.

Apa ndi pamene kusowa kwa ndalama sikuthandiza kwenikweni ngati chodzitetezera. Kumanganso mlatho kumafuna mamiliyoni a meticais amene município yaing'ono ilibe, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma thabwa lolembedwa, utoto wowala usiku ndi migolo iwiri sizifuna mamiliyoni.

Zimene khonsolo ingachite kuti isalowe m'ngongole

Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi buku. Khonsolo imene ili ndi kaundula wa malo oopsa, wolembamo tsiku limene vuto linanenedwa, amene ananena, tsiku limene amisiri anakaona ndi chimene anachita, imakhala ndi choonetsa ikasumiridwa. Imatha kunena kuti dzenje ili tinalidziwa Lolemba, Lachiwiri tinaika chikwangwani, ndipo linali pa mndandanda wokonza ndalama zikafika. Yopanda buku imangodalira pakamwa, ndipo pakamwa pa ofesi pamasintha anthu akasinthidwa ntchito. Anthu odzaza bukuli alipo kale: ma secretário a m'ma bairro, mafumu, apolisi a município amene amayenda m'misewu tsiku lililonse, ndi a kabaza eniake, amene amadziwa dzenje lililonse kuposa injiniya. Chipatala cha boma ndi apolisi apamsewu akamauza khonsolo malo amene ovulala akuchokera, m'miyezi yochepa zimaoneka kuti ngozi zambiri zikuchitikira pa mphambano ziti.

Bukuli lili ndi mbali ina imene akuluakulu ena angaiope: likalembedwa kuti vuto linanenedwa koma palibe chinachitika, limasanduka umboni wotsutsa mwini wake. N'zoona. Koma kusalemba sikufafaniza dzenje, ndipo masiku ano pafupifupi aliyense ali ndi foni yojambula zithunzi zokhala ndi tsiku.

Chachiwiri ndi makontalakiti. Ntchito zambiri za misewu zimaperekedwa kwa ma empreiteiro, ndipo ngozi zina zimachitika nthawi ya ntchito yomweyo: ngalande yokumbidwa Lachisanu n'kusiyidwa yotsegula mpaka Lolemba, mulu wa miyala wotayidwa pokhota. Mgwirizano wolembedwa bwino umanena kuti wogwira ntchitoyo aike zizindikiro usana ndi usiku, akhale ndi seguro yolipira anthu ovulala, ndipo fiscal asasaine malipiro ngati zimenezi palibe. Popanda mawu otere, wovulala amapita kwa amene akumudziwa, amene ndi khonsolo, kampani itapakira kale zida zake n'kubwerera ku Quelimane kapena ku Nampula.

Chachitatu ndi galimoto za bungwe lenilenilo: thirakitala yotola zinyalala, lole ya mchenga, galimoto ya bwana, njinga zamoto za antchito. Pa izi lamulo ndi lolimba kwambiri. Ndime 503 ya Código Civil imati amene galimoto ili m'manja mwake ndipo ikuyendera zofuna zake amayankha pa ngozi zochokera ku galimotoyo, ngakhale ikuyendetsedwa ndi wantchito wake. Lei 2/2003 inakhazikitsa seguro yokakamiza ya galimoto, yolipira anthu ena ovulazidwa. Ngolo ya thirakitala yopanda nyali zakumbuyo, yoimikidwa mumdima m'mphepete mwa msewu, ndi mlandu wongodikira tsiku.

Nkhani ya mitumbira yochepetsa liwiro, imene ambiri amati lomba, ndi yovuta kuposa mmene imaonekera. Anthu akatopa ndi galimoto zothamanga pafupi ndi sukulu, amatenga makasu n'kuunjika dothi pamsewu, kapena kukumba kangalande kodutsa. Cholinga chawo n'chabwino, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limati munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, mpata woti afe umachuluka kanayi ndi theka poyerekeza ndi yothamanga 50. Lamulo la kuno limalola galimoto zing'onozing'ono kufika 60 m'malo okhala anthu, liwiro limene ndi lalikulu pa khomo la sukulu ya pulaimale. Koma lomba yosapakidwa utoto, yopanda chikwangwani, yotalika ngati mzere wa mbatata, imagwetsa wa njinga yamoto usiku. Khonsolo ikaiona n'kuisiya momwemo, yaivomereza. Njira yabwino si kuigumula n'kusiya ana pangozi, koma kuimanga moyenera, kuipaka utoto ndi kuika chenjezo patali ndithu isanafike.

Zotsala ndi za posturas, malamulo a tauni amene Assembleia Municipal imavomereza: pamene ma chapa ndi malole aziima, pamene ogulitsa azikhala masiku a feira, ndi zofunika kwa a táxi-mota asanapatsidwe chilolezo. Khonsolo imene imatolera tikiti ya msika kwa munthu wogulitsa pa phula imadziika pamalo ovuta, chifukwa tikitiyo ikusonyeza kuti imadziwa pamene iye wakhala. Ndipo pa gawo la msewu wa ANE lodutsa m'tauni, kalata imodzi yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, yonena amene akonze magetsi, amene apake mizere yowolokera ndi amene atsegule ngalande, ikhoza kuthetsa kulozana zala kusanayambe.

Wovulala ayambire pati

Ngozi zikuluzikulu zimamveka dziko lonse. Ya ku Mopeia mu Januwale 2022, pamene lole ndi minibasi zinachita ngozi pa EN1 n'kupha anthu oposa 20, inalengezedwa pa wailesi zonse. Koma mayi wothyoka chiuno atagwera m'ngalande ya m'bairro salowa m'nkhani, ndipo kawirikawiri salowa ngakhale m'mabuku a polisi. OMS imati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto, anthu omwewo amene amadzaza misewu ya Milange m'mawa uliwonse.

Munthu wotere, kapena achibale ake, ayambe ndi umboni tsiku lomwelo. Ajambule malowo asanakwiriridwe, kusonyeza dzenje ndi kusowa kwa chikwangwani. Alembe maina a anthu amene anaona. Akanene ku polisi kuti palembedwe chikalata cha ngozi, ngakhale palibe galimoto ina imene yakhudzidwa. Asunge mapepala onse a kuchipatala, malisiti a mankhwala, a transipoti ndi a mekaniki. Lamulo limawerengeranso ndalama zimene munthu walephera kupeza chifukwa chogona, choncho wa kabaza amene wakhala miyezi itatu osapalasa aonetse zimene ankapeza pa tsiku. Munthu akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ali ndi ufulu wopempha chipukuta misozi.

Kenako alembe kalata yodandaula kwa mwini msewu, m'makope awiri, ndipo kope lake lidindidwe ku secretaria ndi tsiku lolandirira. Amene sadziwa Chipwitikizi bwino apeze womulembera, chifukwa maofesi ndi makhoti amagwira ntchito m'chilankhulo chimenecho. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupita ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu mwaulere. Palinso Provedor de Justiça, amene amalandira madandaulo okhudza maofesi a boma, ngakhale iye amangopereka malangizo, salamula kuti munthu alipidwe.

Milandu yofuna chipukuta misozi kwa boma kapena município pa ntchito zawo zaboma imapita ku Tribunal Administrativo, motsatira Lei 7/2014. La chigawo cha Zambézia lili ku Quelimane, makilomita oposa 300 kuchokera ku Milange, ndipo kwa mlimi ulendo wokhawo ndi mtolo. N'chifukwa chake kalata yoyamba ija ndi yofunika: bungwe loona kuti umboni ndi wokwanira likhoza kusankha kukambirana kusiyana ndi kukokana m'khoti zaka. Koma nthawi ili ndi malire. Ndime 498 imapereka zaka zitatu kuchokera pamene wovulala anadziwa za ufulu wake, ndipo malonjezo a pakamwa akuti "mubwere mawa" saimitsa kuwerenga kwa masikuwo.

Popeza Milange ili m'malire, ambiri oyenda m'misewu yake ndi ochokera ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, obwera kudzagula chimanga, nyemba ndi nandolo. Mlendo akavulala mbali ino, lamulo logwira ntchito ndi la Mozambique, ndipo mlandu wake umazengedwa kuno. Oyendetsa galimoto za ku Malawi adziwenso kuti khadi yachikasu ya COMESA, imene imawathandiza ku Zambia kapena ku Zimbabwe, sigwira ntchito ku Mozambique chifukwa dziko lino si membala wa bungwelo. Seguro ya kuno imagulidwa polowa pa chipata, ndipo galimoto yopanda pepala limenelo ikagunda munthu, ndalama zonse zimachokera m'thumba la mwini wake.